Nkhoswe ya pa waya: mbiri ya uthenga m'mapulazi a ku Mashonaland

Mmisiri wa zamagetsi akaitanidwa lero pa famu ya fodya ku Banket kapena ku Mvurwi kuti akaike timakina toyeza kutentha m'mabalani, chimene chimayamba kumudwalitsa mutu ndi waya. Timakinato timagwira bwino tili pa tebulo, moyandikana ndi kakompyuta kotiwerenga. Akatipachika pa balani yachitatu ndi yachinayi, waya n'kutalika mamita makumi angapo, manambala amayamba kubwera mosokonekera, kenako zii. Mankhwala ake ndi kachipangizo kochepa ngati njere ya mpendadzuwa, kamene amisiri amakatcha buffer. Amakaika pakati pa zigawo ziwiri za waya kuti kazilandira uthenga wotopa mbali ino n'kuutumiza wamphamvu mbali inayo, kwinaku kakutchinga kuti mavuto a chigawo chimodzi asawolokere ku chinzake. M'Chichewa dzina la ntchito yotere lilipo kale, ndi unkhoswe. Nkhoswe imanyamula mawu a banja lino kupita nawo ku banja lija, imabweretsa yankho, ndipo imaima pakati kuti mkwiyo wa kuchimuna usakagwere kuchikazi uli wosaphika. Mbiri ya mafamu a ku Mashonaland, amene anthu akumeneko amati mapulazi, ikusonyeza kuti kwa zaka zoposa 130 mtunda pawokha sunali wopha uthenga. Uthenga unkapulumuka kapena kufa malinga ndi amene anaikidwa pakati ndi malo amene anaikidwapo, ndipo wosankha nkhoswe ndiye ankasankha amene amve ndi amene atsale mumdima.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimalemetsa waya. Mu 1982 kampani ya Philips ya ku Netherlands inakonza njira yotchedwa I2C, yoti tizipangizo tambiri ta m'kati mwa wailesi ya kanema tizilankhulana pa mawaya awiri okha, wina wonyamula uthenga, wina wowerenga nthawi ngati ng'oma yotsogolera gule. Mzere wogawana woterewu amisiri amautcha bus. Kachipangizo kalikonse kali ndi nambala yakeyake, ndipo ngakhale tonse timamva zonse zodutsa, koyankha ndi kokhako kamene katchulidwa. Polankhula kamakokera mphamvu ya pa waya pansi, kakasiya mphamvuyo imakweranso. Koma waya ali ngati ngalande youma ya kudimba, imene imayamba yamwa madzi isanawafikitse ku mbewu. Mita iliyonse ya waya ndi kachipangizo kalikonse kowonjezera zimamwako mphamvu, ndiye kukwera kuja kumachedwa. Malamulo a I2C anaika malire a katundu ameneyu pa 400 pF, muyeso umene chingwe wamba chimaumaliza m'mamita ochepa chabe. Kupyola apo, chizindikiro chimodzi chisanakwere china chabwera kale, uthenga n'kusanduka phala. Palinso chiopsezo china: kachipangizo kamodzi kakawonongeka n'kukakamira pansi, mzere wonse umatseka pakamwa. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mavuto awiriwa, kulemera kwa omvera ndi kufalikira kwa ngozi, Mashonaland inawadziwa kalekale tizipangizoti tisanabadwe.

Gulu la atsamunda la kampani ya Cecil Rhodes linakweza mbendera ku Fort Salisbury, kumene lero ndi Harare, mu Seputembala 1890, ndipo waya wa telegalafu wochokera kumwera unawapeza komweko mu 1892. Telegalafu inali ndi nkhoswe yake, yotchedwa relay. Mphamvu yochokera kutali ikafika itatheratu, inkangokwanitsa kugwedeza kachitsulo kopepuka, koma kachitsuloko kankatsegula ndi kutseka mphamvu yatsopano ya mabatire a pa siteshonipo, uthenga n'kunyamukanso ngati wangobadwa kumene. Pena nkhosweyo inali munthu, kalaliki womvetsera kugogoda kwa makina n'kutumizanso mawuwo ndi dzanja lake. Chaka chomwecho cha 1892 Rhodes anakhazikitsa African Transcontinental Telegraph Company, ndi loto loti waya achoke ku Cape kukafika ku Cairo. Chigawo choyamba chinalinga ku dziko la Nyasaland, kuchoka ku Salisbury kudzera m'chigwa cha Mazowe, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka ku Blantyre, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe waya anali atafika ku Karonga. Mizati ndi mikukutu ya waya zinayenda pamitu ya amtengatenga. N'zochititsa chidwi kuti mbali ina ya njira imene waya anatsegula pakati pa maiko awiriwa ndi imene pambuyo pake anyamata a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi anadzaiponda ndi mapazi kupita ku Halale, akuyenda masabata pansi pa uthenga wodutsa pamwamba pawo m'kuphethira kwa diso.

Mu Juni 1896 Amashona anaukira ulamuliro wa kampani, pa nkhondo imene lero imatchedwa Chimurenga choyamba, ndipo chigwa cha Mazowe, kwawo kwa Mbuya Nehanda, chinali pakati pa moto. Azungu ochepa anadzitchingira pa mgodi wa Alice, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Salisbury. Awiri mwa iwo, Blakiston ndi Routledge, anatsika kukafika pa kanyumba ka telegalafu, n'kutumiza uthenga wopempha thandizo, ndipo anaphedwa pobwerera. Olemba mbiri a atsamunda anaisandutsa nkhaniyi nthano ya kulimba mtima, mpaka sukulu ina ya mu Harare inapatsidwa dzina la Blakiston. Koma amene akuona ndi diso la mmisiri amapezamo phunziro lina. Ankhondo a Chishona anazindikira msanga kuti mphamvu ya adani awo inali m'kanthambo kaja, ndiye anakadula. Mzere wopita ku Tete kudzera ku Mazowe unawonongeka kwambiri moti kampani inausiya n'kumanga wina wochokera ku Umtali, kumene lero ndi Mutare. Waya mmodzi wautali, wopanda zigawo zodziimira pazokha, amafa yense ndi nkhwangwa imodzi. Nehanda ndi Kaguvi, olankhulira mizimu amene anatsogolera nawo nkhondoyo, ananyongedwa mu 1898, koma chimene anthu awo anaonetsa pa waya chinadzabwerezedwa patapita zaka 76, m'chigawo chomwechi.

Mtunda wa pakati pa mafamu unachita kupangidwa. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko, makamaka nthaka ya kumtunda kogwa mvula yabwino, kuti likhale la azungu, eni nthaka n'kukankhidwira m'madera ngati Chiweshe ndi Zvimba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampani a ku Britain atalonjeza kugula fodya wa ku Rhodesia, mabalani a njerwa anamera ku Marondera, Trelawney, Raffingora, Karoi, Tengwe ndi Centenary. Famu imodzi inkatha kukhala ya mahekitala oposa chikwi, nyumba ya mlimi ili makilomita angapo kuchokera kwa mnzake. Kukokera aliyense waya wakewake kukanadya ndalama zosaneneka, ndiye a positi ofesi anamangirira mafamu angapo, pena mpaka khumi, pa mzere umodzi wotchedwa party line. Lamya yake inali bokosi lokhala ndi chogwirira chopukusa. Famu iliyonse inali ndi kaliridwe kake, mwina kutalika kuwiri ndi kufupika kumodzi, mwina kufupika kutatu. Munthu akapukusa, mabelu ankalira m'nyumba zonse za pa mzerewo, ndipo wophika, mayi wa pakhomo ndi ana ankaima kaye n'kuwerenga kuti amve ngati kuli kwawo. Kunali kuitana mmodzi pomveka kwa onse, ndendende mmene I2C inadzachitira pambuyo pake ndi manambala ake.

Matenda a mzere umenewu analinso omwewo. Belu lililonse lolumikizidwa linkamwako mphamvu ya woitana, moti famu ya kumapeto inkamva kulira kofooka. Anthu okonda mijedo akanyamula lamya mwakachetechete kuti amvetsere za eni, mawu ankacheperachepera ndi aliyense wowonjezeka, ndipo olankhulawo ankadziwa kuti ali ndi alendo pongomva kuti ayamba kukuwa. Wina akaiwala kubwezera cholankhulira pamalo pake, kapena nthambi ya msasa ikagwera waya nyengo ya mvula, mafamu onse a pa mzerewo ankavutikira pamodzi. Chimene chinkaletsa kuti chisokonezo cha mzere umodzi chisagwire dziko lonse chinali kachipinda ka ku positi ofesi ya tauni yapafupi, mmene munkakhala wolumikiza mafoni ndi zingwe zake. Iye ndiye ankatenga mzere wa mafamu n'kuulumikiza ku mzere waukulu wa ku Salisbury, n'kuumasulanso akamaliza kulankhula. Mzere wodwala ankangousiya padera, ina n'kumagwirabe ntchito. Ankadziwa kuti dokotala ali pa famu yakuti, kuti wakuti wapita ku okushoni. Ntchito zonse zitatu za nkhoswe zinali m'manja mwake: kufikitsa mawu kutali, kupatula zigawo, ndi kusankha woyamba kudutsa pamene ofuna mzere achuluka.

Nanga waya ameneyu ankathera pati? Ankathera pakhonde pa bwana. Kuseri kwa mabalani kunali komboni, ndipo ambiri okhala m'menemo sanali Amashona, poti eni dziko ankakana malipiro a m'mapulazi pamene anali ndi minda yawo. Anali Achewa, Amang'anja, Ayao, Angoni, Asena ndi Achikunda ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata. Komiti ya Lacey, yofufuza za anthu otuluka m'dziko mu 1935, inayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana 120,000 anali kunja. Pangano la ku Salisbury la 1936 linakonza za kayendedwe ka antchito pakati pa Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, boma la Southern Rhodesia linayendetsa malole aulere amene anthu anangowatcha Ulere, ndipo mu 1946 kunabadwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lodziwika kwathu ndi dzina loti Mthandizi. Kwa anthu amenewa uthenga wa pa famu unkayenda njira imodzi yokha. M'bandakucha kapitawo ankamenya chitsulo chakale cha pulawo chopachikidwa pamtengo, komboni yonse n'kudzuka. Malamulo ankatsika kuchokera kwa bwana kupita kwa kapitawo m'Chilapalapa, chinenero cholamulira chosauka mawu odandaulira. Chitsulo chija chinkamveka kutali kuposa belu la lamya, koma panalibe njira yochiyankhira.

Osiyidwa kunja kwa waya anamanga mzere wawo, ndipo unali wa ankhoswe okhaokha. Pa komboni pankakhala munthu amene anafikako ku sukulu ya mishoni, ndipo Lamulungu masana ankakhala pansi pa mtengo, pepala pabondo, akulembera anzake makalata. Wopita kumudzi ankanyamula mitolo ya makalata, nsalu ndi ndalama za anthu a mafamu angapo, n'kumazitula m'midzi ya m'njira kwa ena oti azipitirize. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland anasamukira ku Salisbury kukatumikira anthu a kwawo kuno, ntchito imene inakula mpaka kubala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP mu 1965. Alaliki oyendera mafamu ankanyamula mbiri ya maliro, ya maukwati ndi ya kumene wakutiwakuti anasamukira. Mabungwe a maliro, mizikiti ya Ayao ndi madambwe a gule wamkulu, amene Amashona amati zvigure, zinkalumikiza makomboni otalikirana. Mzere umenewu unali wochedwa, kalata inkatha miyezi, koma unali ndi zimene waya wa telegalafu analibe: munthu mmodzi akalephera, uthenga unkapeza njira ina. Pamene ankhoswe onse anatha, wolemba atasamuka, wa kumudzi kwanu atamwalira, munthu ankasanduka mtchona. Utchona sunkayamba ndi kutalika kwa njira, poti anzake a pa mtunda womwewo ankamvekabe kwawo. Unkayamba tsiku limene panasowa wonyamula mawu.

Wina angatsutse kuti kuika lamya pakhonde pa mlimi yekha kunali nkhani ya ndalama, osati ya tsankho, chifukwa waya ndi wodula, ndipo wolipira ndiye woyenera kumva belu. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Ngakhale ku America ndi ku Australia alimi ankagawana mizere chifukwa cha mtengo womwewo. Koma ndalama zambiri zinkathera pa makilomita ochokera ku tauni kufika pa famu, ndipo zimenezo zinali zitalipiridwa kale. Kuchoka pakhonde kufika ku komboni kapena ku sitolo ya pa famu kunali mamita mazana ochepa. Chimene chinaimitsa waya pamenepo chinali dongosolo la ulamuliro. Antchito a m'mapulazi anakhala pansi pa lamulo la Masters and Servants, limene linkatenga kuthawa ntchito ngati mlandu, mpaka kumapeto kwa ulamuliro wa azungu, ndipo sanaloledwe kuvota pa zisankho za makhonsolo a madera awo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Katswiri wina, Blair Rutherford, atafufuza mafamu a ku Hurungwe, anafotokoza kuti famu inkayendetsedwa ngati boma la pakhomo, mlimi ali ngati tate woweruza zonse. M'dongosolo lotere telegalamu ya maliro yochokera ku Ntcheu inkafikira mu ofesi ya bwana, ndipo iye ndiye ankaona nthawi yoti mwini maliro auzidwe. Mlimi anali nkhoswe yosasankhidwa ndi mbali inayo, ndipo unkhoswe wotero kwathu sitiuvomereza.

Usiku wa pa 21 Disembala 1972 omenyera ufulu a ZANLA anaukira famu ya Altena ku Centenary, chiyambi cha gawo lotentha la nkhondo ya ufulu. Asanawombe mfuti anadula waya wa lamya, monga anachitira makolo awo ku Mazowe. Alimi ndi boma la Ian Smith anaona kuti party line siingawapulumutse, ndiye anabweretsa mawailesi olankhulirana otchedwa Agric-Alert, olumikiza nyumba za alimi a dera limodzi ndi polisi yapafupi. M'mawa ndi madzulo ankaitana mayina a mafamu mmodzimmodzi, ndipo famu yosayankha inkatumiziridwa anthu okaona. Kunali kupita patsogolo kwenikweni pa luso, chifukwa tsopano kukhala chete nakonso kunasanduka uthenga, nzeru imene amisiri a masiku ano amaigwiritsa ntchito pamene kompyuta imafunsa kachipangizo kalikonse motsatana n'kuliza alamu kakapanda kuyankha. Koma malire anakhala pomwe paja, ndipo tsopano anaoneka ndi maso. Nyumba ya mlimi inazingidwa ndi mpanda wa waya ndi magetsi owala usiku, wailesi ili m'kati, komboni ili kunja. Wantchito wa ku Malawi kapena ku Mozambique, wopanda mudzi wothawirako m'dzikomo, ankakayikiridwa ndi asilikali a boma kuti akudyetsa zigawenga, n'kukayikiridwanso ndi omenyera ufulu kuti ndi kazitape wa mzungu. Pa kuitana mayina kwa madzulo dzina lake silinkatchulidwa.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, kutanthauza kuti wapakati aliyense amapotoza. Wolumikiza mafoni ankamva zinsinsi, kapitawo ankawonjezera zake pa mawu a bwana, wonyamula ndalama pena ankathera nazo ku mowa pa Tete. Bwanji osangochotsa ankhoswe onse? Amisiri nawo anakumana ndi vuto lomweli. Pamene anayamba kuika makina okuzira mawu pa mizere yaitali ya lamya, monga uja wa New York mpaka San Francisco wa 1915, anapeza kuti chokuzira chogwira mbali zonse ziwiri chimatha kumva mawu ake omwe, n'kuwakuzanso, mpaka mzere wonse kumangolira mluzu. Pa I2C matendawa amaoneka mwina: buffer ikakokera mbali ino pansi pofuna kufikitsa uthenga, imatha kuona kutsikako ngati uthenga watsopano n'kuubwezera kumene unachokera, mbali zonse n'kukanirira pansi mpaka kalekale. Yankho silinali kutaya nkhoswe, poti popanda iyo mawu safika n'komwe. Anaiphunzitsa kuzindikira liwu lake. Kachipangizo ka PCA9515 kakamalankhula sikatsitsa mphamvu mpaka pansi penipeni, kamaimira cha pa theka la volti, ndipo kamangovomera kuti walankhula ndi wina ngati mphamvu yatsika kupyola pamenepo. Nkhoswe yabwino ya ukwati imachitanso chimodzimodzi, imasiyanitsa poyera mawu otumidwa ndi maganizo ake.

Choncho mmisiri wa ku mabalani uja akamasankha kachipangizo kake, mafunso amene amadzifunsa ndi omwe aja mbiri yakhala ikufunsa. Ngati vuto ndi kuchuluka kwa omvera pamalo amodzi, PCA9515 imagawa mzere pawiri, chigawo chilichonse ndi katundu wake wa 400 pF, koma ziwiri zotere sizingatsatane pa mzere umodzi, chifukwa yachiwiri siimva liwu la theka la volti la yoyambayo. Ngati vuto ndi mtunda wa mamita makumi angapo, P82B715 imachulukitsa mphamvu kakhumi, ngakhale siipatula zigawo, moti ngozi ya kunja imalowabe m'nyumba. P82B96 imalola kuti chingwe chachitali chiyende pa mphamvu yokwera, ndiponso kuti pakati paikidwe kachipangizo kowolotsa uthenga ndi kuwala, popanda chitsulo chokhudzana. Mtunda ukafika mamita mazana, monga kuchoka pa mjigo wa sola kufika ku shedi, wanzeru amasiya I2C m'bokosi n'kutulutsa uthenga pa RS-485, njira ya 1983 imene imayenda mpaka mamita 1,200 pa mawaya awiri opotana, ndi zipangizo 32 pa mzere umodzi. M'dziko la mphezi ngati Zimbabwe, kumene mu Disembala 1975 mphezi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi kum'mawa kwa dzikolo, kupatula zigawo si mwanaalirenji. Mphezi ikagwa pafupi ndi balani, chingwe chimanyamula ukali wake kupita nawo ku ofesi, ndipo ndi bwino kuti ipse nkhoswe ya madola ochepa kusiyana ndi makina onse.

Ufulu wa 1980 sunasunthe waya msanga. Bungwe la boma la Posts and Telecommunications Corporation linali lokhalo lololedwa kupereka mafoni, anthu n'kumadikira zaka pa mndandanda, ndipo mafamu ambiri anapitiriza ndi party line ndi mawailesi awo. Mu 1995 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu umene Strive Masiyiwa anakasuma, linagamula kuti kutsekereza ena kotereku kumaphwanya ufulu wolankhula, ndipo kampani yake ya Econet inayamba ntchito mu 1998. Patangotha zaka ziwiri, kulanda ndi kugawa mafamu kunayamba. Mwa mafamu a azungu pafupifupi 4,500 ambiri anagawidwa, ndipo antchito oposa 300,000 ndi mabanja awo anagwedezeka, ochuluka n'kutaya ntchito ndi pokhala. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa 2001 kunachititsa kuti ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, obadwira m'makomboni momwemo, aziwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera unzika. M'zaka zimenezo mawaya a kopa a m'mafamu ambiri anabedwa kapena kungosiyidwa. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo foni ya m'manja inalowa m'komboni. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1892, mdzukulu wa mtchona wa ku Shamva anatha kulankhula ndi abale a ku Dedza popanda kudzera pakhonde pa munthu.

Apa ndi pamene ena amati nkhani ya ankhoswe yatha, poti mawu tsopano akuuluka mumlengalenga. Koma foni ya m'manja imangoyenda opanda waya makilomita ochepa, kufika pa nsanja yapafupi, ndipo nsanjayo ndi nkhoswe yolandira liwu lofooka n'kulipereka ku mzere waukulu. Kumene kampani yaona kuti nsanja siibweza ndalama, anthu amakwera chulu kufunafuna netiweki. Magetsi a kampani ya boma ya ZESA akazima nthawi yaitali, mabatire a pa nsanja n'kutha, dera lonse limakhala chete ngati party line yogweredwa ndi mtengo. EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, itayamba mu 2011 inalowa m'malo mwa wapaulendo wonyamula ndalama m'lamba, koma inabweretsa ejenti wa pa golosale, ndiponso kufunika kolembetsa ndi chitupa, chimene ambiri obadwira m'mapulazi anavutika kuchipeza. Ngakhale m'kati mwa foni yeniyeniyo muli mizere ya I2C yolumikiza tizipangizo take. Fodya amene anatsika kufika pa makilogalamu osakwana 50 miliyoni mu 2008 anakwera kufika pafupifupi 296 miliyoni mu 2023, wambiri wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono pa makontirakiti, ndipo mitengo, ngongole ndi malipiro awo zimadutsa m'mauthenga a pa foni oyendetsedwa ndi makampani. Ankhoswe sanachoke, anangochuluka n'kubisala m'malo ovuta kuwaona.

N'zoona kuti munthu si kachipangizo, ndipo fanizo lililonse lili ndi pothera. Buffer siidana ndi balani yachinayi, ndipo kuvutika kwa mabanja a m'makomboni sikungayezedwe ndi mita ya mmisiri. Koma kusiyana kumeneku kumangolimbitsa mfundo. Mmisiri akasiya balani imodzi kunja kwa mzere, chilango chimabwera msanga. Fodya wa m'balani amafuna pafupifupi sabata ya moto wosamalidwa, kuyambira kutentha kwa madigiri 35 mpaka 40 pamene tsamba likusanduka lachikasu, kufika cha m'ma 70 poumitsa mtsempha wapakati, ndipo balani yosamveka usiku umodzi imatha kuwononga thukuta la chaka. N'chifukwa chake mmisiri amayenda mpaka kumapeto kwa chingwe, n'kuyeza ngati wakutali kwambiri akumveka, asananene kuti ntchito yatha. Omanga telegalafu, party line ndi Agric-Alert luso limeneli anali nalo, ndipo analigwiritsa ntchito mokhulupirika kufikira famu yomaliza ya pa mzere. Sanaliwolotse mamita mazana ochepa aja opita kuseri kwa mabalani, kumene kunkagona amuna osonkhezera moto usiku wonse, amene ankadziwa kutentha kwa balani pongolowetsa mkono pakhomo, ndipo ankadikira miyezi kuti amve ngati amayi awo ku Ntcheu akadali moyo.